Kuona mzere umene palibe anaujambula: momwe mungayesere maso anu ndi pepala, sizasi ndi kandulo

Amayi amene amagula zitenje pa msika wa Taifa kuno ku Mzuzu ali ndi chizolowezi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Asanatulutse ndalama amapempha wogulitsa kuti nsaluyo akaionere panja pamene pali kuwala, ndipo ngati abwera ndi bulauzi kapena duku loti ligwirizane nayo, amayandikizitsa ziwirizo mpaka zitakhudzana. Telala nayenso sasankha ulusi uli wokha m'dzanja, amayamba waugoneka pa nsalu imene akufuna kusoka. Onsewa anazindikira kalekale kuti mtundu umene munthu amaona pa chinthu umadalira kuwala kumene kulipo komanso chinthu china chimene chayandikana nacho. Chimene ambiri sanachiyesepo ndi chakuti maso athu amafika poona mzere pamene palibe analembapo, ndiponso mtundu pamene palibe anapakapo utoto, ndipo zimenezi zimachitikira munthu aliyense wa maso abwinobwino.

Mungathe kudzionera nokha zimenezi patebulo la kunyumba kapena m'kalasi popanda chipangizo chodula. Zoyesa zambiri zimene zili m'munsimu zikuloza mfundo imodzi, yakuti ubongo umayamba wafunafuna malire a zinthu, malirewo akakhala osakwanira umawamalizitsa wokha, kenako umadzaza kuwala ndi mtundu m'kati mwake, monga mmisiri wa penti amene amayamba kulemba m'mphepete mwa khoma asanapake pakati.

Sonkhanitsani mapepala oyera opanda mizere, katoni yopyapyala, sizasi, rula, pensulo, bolopeni yakuda ndi yofiira, mapensulo a mitundu, kandulo, komanso matochi awiri, ndipo tochi ya pa foni ndi yokwanira. Musanayambe china chilichonse, dulani kakatoni kofanana ndi chikhatho chanu, muboolepo kabowo kamodzi kakang'ono ngati njere ya nyemba. Kakatoni koboola kameneka ndiko kadzakhale mboni yanu pa milandu yambiri, chifukwa mukakaika pa chithunzi n'kusuzumira pa kabowoko mumaona kadera kamodzi kokha popanda zoyandikana nako, ndipo chimene chatsala pamenepo ndicho chili papepaladi, pamene chimene chazimirira chinali cha m'mutu mwanu. Khalani pafupi ndi zenera masana koma osati padzuwa lenileni, chifukwa pepala loyera likawombedwa ndi dzuwa limathobwa m'maso. Masiku a mitambo ndi mvula yamawawa amene timakhala nawo mu Juni ndi Julayi, ngakhale amatizunza ndi kuzizira, amapereka kuwala kofatsa kumene kuli koyenera pa ntchito imeneyi.

Thirayango yokhala pa mafuwa

Pakani katoni mtundu wakuda ndi maka kapena polishi wa nsapato, ndipo ikauma mudulepo timabwalo titatu tofanana, kalikonse kotalika masentimita 4 kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Chivindikiro cha kabotolo ka mafuta odzola chingakuthandizeni kulemba bwalo lozungulira bwino. Ikani timabwaloti papepala loyera monga momwe amaikira mafuwa, pakati pa kalikonse patalikirane ndi pakati pa kanzake masentimita 8. Kenako dulani papepala lina thirayango ya mbali zofanana, mbali iliyonse masentimita 8, muigoneke pamwamba pa timabwaloto kuti kona iliyonse ifike pakati penipeni pa kabwalo, mulembe ndi pensulo pamene yaphimba, n'kudula zigawo zophimbidwazo monga momwe mumadulira gawo la chigumu. Thirayango ya pepala ija muichotse n'kuiika kutali, ndipo timabwalo todulidwato mutibwezere m'malo mwake titayasamirana, mukuonetsetsa ndi rula kuti podulidwa pa kamodzi paloza ndendende podulidwa pa kanzake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa kabwalo kakapendekeka, mzere umene mukuufunawo umaoneka wokhota kapena suoneka n'komwe.

Tsopano imirirani, muyang'ane pepalalo muli pa mtunda wa mita imodzi. Mudzaona thirayango yoyera itakhala pamwamba pa timabwalo titatu tathunthu monga mphika pa mafuwa. Mbali zake zidzaoneka ngati zolembedwa ndi rula ngakhale m'mipata imene muli pepala lokhalokha, kuyera kwake kudzaposa kwa pepala lozungulira, ndipo idzaoneka ngati yatumphuka kuyandikira kwa inu. Itanani mboni yanu. Ikani kabowo pamene mzere ukuoneka kuti ukudutsa, pakati pa timabwalo tiwiri, ndipo mupeza pepala loyera mofanana, lopanda malire alionse. Mukachotsa kakatoniko mzere umabwereranso, ndipo kudziwa kwanu kuti kulibe sikuulepheretsa kuoneka, chimene chikusonyeza kuti ntchitoyi ikuchitikira mbali ya ubongo imene simvera zimene mwiniwake akudziwa.

Musafulumire kumata timabwaloto ndi guluu, chifukwa phunziro lalikulu lili pa kutisuntha. Tembenuzani kamodzi kokha kuti kayang'ane kunja, ndipo mbali ziwiri za thirayango zidzafooka nthawi yomweyo. Mukatembenuza tonse padzatsala zigumu zitatu zodulidwa papepala wamba. Tibwezereni, kenako mutitalikitse pang'onopang'ono mpaka masentimita 16 kapena 20 mukusunga kulozana kwake, ndipo muona mzere ukuzirala pamene mpata wopanda kanthu ukukulira poyerekeza ndi mbali imene ilipodi. Ubongo ukuchita zimene nyakwawa yanzeru imachita pa bwalo la milandu ikamva mbali ziwiri. Kuti timabwalo titatu tingodulidwa mwangozi n'kulozana chonchi n'kovuta kukhulupirira, pamene kuti pali chinthu choyera chimene chatiphimba n'kosavuta, choncho chigamulo chimapita kumeneko. Luso lomweli ndi limene limakuthandizani kuzindikira mbuzi imene ili kuseri kwa mpanda wa nsungwi, kapena munthu amene akuyenda pakati pa mitengo ya paini ku Chikangawa, popanda kuganiza kuti waduka zidutswa.

Chithunzichi chimadziwika ndi dzina la Gaetano Kanizsa, katswiri wa maphunziro a maganizo wa ku Trieste m'dziko la Italy, amene anachifalitsa mu 1955, ngakhale kuti Friedrich Schumann wa ku Germany anali atafotokoza kale za malire otere mu 1900.

Chifukwa chake diso limakonda malire

M'kati mwa diso, chakumbuyo kwake, muli kansalu kopyapyala kotchedwa retina, kamene kali ndi maselo omva kuwala a magulu awiri. Gulu loyamba, la maselo pafupifupi 120 miliyoni, limagwira ntchito kukakhala kamdima ndipo silisiyanitsa mitundu. Gulu lachiwiri, la maselo pafupifupi 6 miliyoni, limagwira ntchito kukawala ndipo lagawika patatu, ena omva kwambiri kuwala kwa mbali ya buluu, ena kobiriwira, ena kwa mbali ya chikasu ndi kufiira. Koma mtsempha umene umanyamula uthenga kuchoka m'diso kupita ku ubongo uli ndi timaulusi tongoposa pang'ono 1 miliyoni. Khamu lonseli silingawoloke kamlatho kotere, choncho retina imasankha zotumiza, ndipo chimene imasankha ndi kusiyana kwa malo oyandikana. Stephen Kuffler anaonetsa mu 1953, pofufuza maso a amphaka, kuti selo lililonse lotumiza uthenga limayerekeza kuwala kwa kadera kake ndi kuwala kwa dera lozungulira kaderako, kotero kuti limafuula pamene mdima wakumana ndi kuwala ndipo limangonong'ona pamene kuwala kuli kofanana.

David Hubel ndi Torsten Wiesel, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1981, anapeza kuyambira mu 1959 kuti m'chigawo cha ubongo cha kunkhongo muli maselo amene lililonse limayankha mzere wopendekera mbali yakeyake. Mu 1984, ku Zürich, Rüdiger von der Heydt, Esther Peterhans ndi Günter Baumgartner anaonetsa apusi zithunzi za malire osajambulidwa, n'kupeza kuti maselo ena a m'dera la ubongo lotchedwa V2 amayankha mzere wosajambulidwawo monga momwe amayankhira mzere weniweni. Ndiye kuti mzere wa thirayango yanu uja ulipo ndithu, kungoti malo ake ndi kunkhongo kwanu.

Kuti mutsimikize kuti chinthu chopanda malire omveka chilibe mphamvu m'diso, lembani kadontho kakuda papepala, ndipo masentimita 6 kuchokera pamenepo mupake pensulo mopepuka n'kufafaniza ndi chala mpaka patakhala kautsi kotuwa kopanda m'mphepete. Yang'anitsitsani kadonthoko osasuntha maso kwa masekondi 20, ndipo kautsiko kadzazimirira, malo ake n'kudzazidwa ndi kuyera kwa pepala. Dokotala wa ku Switzerland, Ignaz Troxler, anafotokoza zimenezi mu 1804.

Mtundu umene umasefukira

Papepala loyera lembani mopepuka ndi pensulo mizere yoimirira ndi yopingasa yotalikirana masentimita 3, ngati ya m'kope la masamu koma yaikuluikulu. Tsatirani mizereyo ndi bolopeni yakuda ndi rula, koma paliponse pamene mizere iwiri ikanakumana musiye mpata wa sentimita imodzi, kenako mufufute pensulo yonse. M'mipata imeneyo mudzaona timabwalo towala kuposa pepala, tozungulira bwino ngati mabatani, ngakhale kuti simunalembe bwalo ngakhale limodzi. Walter Ehrenstein anachifotokoza mu 1941. Chodabwitsa ndi chakuti mukazungulizadi kabwalo kamodzi ndi bolopeni, kuwala kwake kumatha, pamene tinzake tosazungulizidwa tikupitiriza kuwala.

Tsopano tengani bolopeni yofiira mulumikize mizere yoduka ija, kuti mu mpata uliwonse mukhale kamtanda kofiira kamene nsonga zake zinayi zakhudza nsonga za mizere yakuda. Mukaima patali pang'ono, kufiira kuja kudzaoneka kuti kwatuluka m'mizere n'kudzaza kabwalo konse, ngati wina waikapo kapulasitiki kofiira koonekera. Kabowo ka mboni kakaikidwa pakati pa nthambi ziwiri za mtandawo kamaonetsa pepala loyera mbee. Dario Varin wa ku Milan analemba za zimenezi mu 1971, ndipo Harrie van Tuijl wa ku Netherlands anazifotokozanso mu 1975 n'kuzifanizira ndi kuwala kwa nyale za mitundu zotchedwa neon. Onetsetsani kuti mzere wofiira suli wokhuthala kapena wakuda kuposa wakudawo, ndiponso kuti walozana nawo bwino, chifukwa kamtanda kakapendekeka n'kusiya kukhudza mizere yakuda, kufiira kumabwerera m'malo mwake. Taonani kuti mtunduwo sukufalikira chisawawa, ukukaima ndendende pa malire a kabwalo kamene ubongo unajambula wokha.

Choyesa chimene ana a sukulu amachikonda kwambiri ndi cha mapu. Jambulani Nyanja ya Malawi kapena chilumba cha Likoma ndi mzere wokhotakhota wa pepo wakuda, ndipo m'kati mwake mutsatize mzere wina wa mtundu wa lalanje wowala, wokhudzana ndi wapepowo ulendo wonse popanda mpata. M'kati monse mudzaoneka ngati mwapakidwa utoto wosungunula wa chikasu chofiirira, pamene kunja kudzakhala koyera. Jambulaninso china muike wa lalanje kunja, ndipo mtunduwo udzasamukira kunja. Baingio Pinna wa ku Italy anachifotokoza mu 1987, koma ojambula mapu akale a ku Ulaya ankachita kale zofanana nazo, popaka mtundu m'mphepete mokha mwa dziko lililonse kuti dziko lonselo lioneke losiyana ndi loyandikana nalo.

Mtundu wa mnansi

Tibwerere kwa telala uja. Mu 1824 Michel Eugène Chevreul anaikidwa kukhala mkulu woyang'anira utoto pa fakitale ya Gobelins ku Paris, kumene ankaluka nsalu za zithunzi zopachika m'makoma, ndipo anapezako madandaulo akuti ulusi wakuda sunkagwira bwino utoto. Atauyeza anapeza kuti ulusiwo unalibe vuto, kungoti unkaoneka wofooka ukalukidwa pafupi ndi buluu kapena pepo, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1839.

Kuti mubwereze zimenezi, dulani tizidutswa tinayi tofanana ndi chikhadabo chachikulu kuchokera pa pepala limodzi lotuwa. Kamodzi muike pa nsalu yakuda, kena pa yoyera, ndipo ka pa nsalu yakuda kadzaoneka kowala kuposa kanzake. Tiwiri totsalato muike kamodzi pa nsalu yofiira, kena pa yobiriwira, ndipo ka pa yofiira kadzapendekera ku kubiriwira pamene ka pa yobiriwira kadzapendekera ku pinki. Ngati kusiyanako sikukuoneka bwino, phimbani zonse ndi pepala lopyapyala loonekera, monga limene amakulungira nsapato zatsopano, ndipo mtundu wobwerekawo udzakula. Mukalemba mzere wakuda wokhuthala kuzungulira kachidutswa kotuwa pamwamba pa pepala lopyapyalalo, mtundu wobwerekawo umachepa, popeza mwamanga mpanda pakati pa anansi awiriwo. Amene akusankha penti ya nyumba achite bwino kupaka kadera kakang'ono pakhoma lenilenilo, pafupi ndi chitseko ndi mafelemu a mazenera, n'kukaona m'mawa ndi madzulo, m'malo mokhulupirira kakhadi ka mitundu ka m'sitolo.

Zithunzithunzi za mitundu

Usiku umene magetsi azima ndi nthawi yabwino ya choyesa ichi. Imikani botolo laling'ono papepala loyera. Tochi imodzi muiphimbe ndi jumbo yofiira yopyapyala n'kuiika kumanzere, ina muisiye yoyera n'kuiika kumanja, ndipo muzisendeze mpaka zithunzithunzi ziwiri za botololo zitaoneka ndi mphamvu yofanana. Chimodzi chidzakhala chofiira, ndipo zimenezi n'zomveka, chifukwa pamenepo botolo latchinga tochi yoyera ndipo pakufika kuwala kofiira kokha. Chinacho chidzaoneka chobiriwira mopendekera ku buluu, chonsecho m'chipindamo mulibe nyale yobiriwira, ndipo pamalopo pakufika kuwala kwa tochi yoyera basi. Kulungani pepala ngati paipi, tsinzinani kanthawi, kenako musuzumire m'paipimo ndi diso limodzi kuti muone chithunzithunzi chobiriwiracho chokha, ndipo chidzakhala chotuwa. M'malo mwa tochi yofiira mungathe kuyatsa kandulo, mukusamala kuti isayandikire pepala, ndipo chithunzithunzi chimene kanduloyo yapanga chidzaoneka cha buluu. Count Rumford anachita zoyesa zotere n'kuzifalitsa mu 1794.

Chikuchitika n'chakuti ubongo umayeza mtundu wa kuwala kumene kwadzaza m'chipinda n'kuuchotsera pa zonse zimene ukuona. Pepala lonse likakhala lofiirira, ubongo umatenga kufiirirako ngati kuyera kwa m'chipindamo, ndipo kadera kamene kalibe kufiira kamakankhidwira ku mtundu wotsutsana nako. Kuchotsera kumeneku n'kumene kumachititsa kuti nsima ioneke yoyera masana padzuwa ndiponso usiku pa koloboyi, ngakhale kuti kuwala kochokera pa nsimayo n'kosiyana kwambiri. Mkangano wa mu 2015 wa chithunzi cha diresi chimene chinafala pa intaneti, ena akuti ndi yoyera ndi golide, ena akuti ndi ya buluu ndi yakuda, unachokera pomwepa, chifukwa chithunzicho sichinkaonetsa bwino kuwala kumene kunalipo ndipo ubongo wa aliyense unachotsera zakezake. Diresiyo inali ya buluu ndi yakuda.

Mbendera yathu pakhoma loyera

Dulani timizere titatu ta pepala tofanana, kalikonse masentimita 12 m'litali ndi 3 m'lifupi, mutimate motsatizana pa katoni yakuda. Kapamwamba kakhale koyera. Kapakati kakhale ka buluu wowala wosakanikirana ndi kubiriwira, ngati madzi a m'mphepete mwa nyanja ku Chintheche dzuwa likawala. Kam'munsi kakhale ka pinki wolowera ku pepo. Pa kamzere koyerako jambulani theka la dzuwa lotuluka ndi buluu wowala yemwe uja, ndipo simufunika kuvutika ndi mizere yonse 31 ya kuwala kwake. Ikani kadontho pakati penipeni, mukayang'anitsitse kwa masekondi 30 osasuntha maso, kenako muyang'ane khoma loyera n'kuphethira kangapo. Mbendera ya Malawi idzaoneka pakhomapo kwa kanthawi, kuda pamwamba, kufiira pakati, kubiriwira m'munsi, ndi dzuwa lofiira.

Maselo amene akhala akulandira mtundu umodzi kwa nthawi amachepetsa kuyankha kwawo, ndipo kuwala koyera kukafika, mbali yotsutsana nayo imalemera. Ewald Hering anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1870 kuti timaona mitundu m'magulu a iwiriiwiri yotsutsana, kufiira ndi kubiriwira, buluu ndi chikasu, kuyera ndi kuda, ndipo n'chifukwa chake palibe amene anaonapo utoto wofiira mobiriwira. Yesani kuyang'ana chikhatho chanu m'malo mwa khoma, ndipo mbenderayo idzakhala yaing'ono, pamene pakhoma lakutali idzakhala yaikulu, chifukwa chidindo cha pa retina n'chimodzimodzi koma ubongo ukuchiwerengera malinga ndi mtunda. Yesaninso kuyang'ana pepala limene mwalembapo ndi bolopeni malire okha a mbenderayo, ofanana kukula ndi oyamba aja, ndipo mitunduyo idzaoneka yamphamvu n'kukhazikika m'kati mwa mizereyo. Rob van Lier, Mark Vergeer ndi Stuart Anstis anaonetsa mu 2009 kuti mizere yotere imatha kusankha mtundu umene utsale m'maso ndi malo amene udzaze. Musayese choyesa ichi poyang'ana dzuwa kapena moto wa owotcherera zitsulo, chifukwa kuwala kumeneko kumapsereza retina ndipo chilonda chake chingakhale chosatha.

Nguli yakuda ndi yoyera

Dulani bwalo la katoni yoyera la masentimita 12, theka lake mulipake lakuda bii. Theka loyeralo muligawe panayi ngati zigawo za chigumu, ndipo m'chigawo chilichonse mulembe ndi bolopeni yakuda timizere titatu tokhota motsata bwalo, m'chigawo choyamba pafupi ndi m'mphepete, m'chachiwiri cham'kati pang'ono, mpaka m'chachinayi pafupi ndi pakati. Lowetsani pensulo yaifupi pakati kuti ikhale nguli, muizunguze masana pa liwiro lapakatikati. Timizereto tidzasanduka mabwalo a mitundu yofooka, ena ofiirira, ena obiriwira, ena a buluu, ndipo mukaizunguza mobwerera mitunduyo idzasinthana malo. Gustav Fechner anaona mitundu yotere mu 1838, ndipo Charles Benham wa ku England anaitchukitsa monga choseweretsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Akatswiri ambiri amati njira zonyamula uthenga wa mitundu yosiyanasiyana siziyankha pa liwiro limodzi, kotero kuti kuda ndi kuyera zikamasinthana mofulumira, uthenga wina umatsogola wina n'kutsalira. Apa mboni yanu singathandize, popeza mtunduwu ukubadwa chifukwa cha nthawi osati chifukwa cha mnansi. Munthu wodwala khunyu kapena mutu waching'alang'ala asayang'ane nguli imeneyi, chifukwa kuthwanima kwake kungamuyambitsire matenda akewo.

Kadera kakhungu kamene aliyense ali nako

Lembani kamtanda kumanzere kwa pepala, ndi kadontho kakuda kofanana ndi njere ya nyemba masentimita 8 kumanja kwake. Tsekani diso lamanzere, muyang'anitsitse kamtandako ndi diso lamanja, ndipo muyandikizitse pepalalo pang'onopang'ono kuchokera pamene mkono wathera. Likafika pa mtunda wa masentimita pafupifupi 30, kadontho kadzasowa, chifukwa chithunzi chake chagwera pamalo pamene mtsempha uja wonyamula uthenga kupita ku ubongo umatulukira m'diso, ndipo pamenepo palibe maselo omva kuwala. Edme Mariotte wa ku France anapeza zimenezi m'zaka za m'ma 1660. Chofunika kuchiona ndi chimene chimalowa m'malo mwa kadonthoko. Simuona dzenje lakuda, mumaona pepala loyera. Mukachitira pa pepala lachikasu mudzaona chikasu, ndipo mukalemba mzere wautali wodutsa pa kadonthoko mudzaona mzerewo uli wathunthu wopanda choudula.

Kudzaza kumeneku kuli ndi mbali yake yoopsa, chifukwa ubongo umene umabisa kadera kakhungu kachibadwa umabisanso madera amene awonongeka ndi matenda, makamaka pamene diso linalo likuphimbira linzake. Matenda a glaucoma, amene nthawi zambiri amayenderana ndi kukwera kwa mphamvu ya madzi a m'diso, amadya kuona kuyambira cham'mbali popanda ululu, amapezeka kwambiri mwa anthu akuda komanso mwa amene wachibale wawo anadwalapo, ndipo mbali imene yatayika sibwereranso. Matenda a shuga nawonso amawononga retina mwakachetechete. Choncho kamodzi pa mwezi phimbani diso limodzi ndi chikhatho, muyang'ane felemu la chitseko kapena tsamba la kope la masamu, kenako muchite chimodzimodzi ndi diso linalo. Mizere yoongoka ikaoneka yokhota, kapena mbali ina ya tsambalo ikasowa, pitani mukapimitse. Mukayamba mwadzidzidzi kuona ziphaliwali m'diso limodzi, timadontho tambirimbiri toyandama, kapena mdima wotsika ngati katani, musadikire kuti kuche kawiri, pitani tsiku lomwelo. Ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central kuli gawo la maso, ndipo sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu ku Luwinga imaphunzitsa akatswiri opima maso. Amene wapitirira zaka 40, kapena ali ndi shuga, apemphe kuti amuyeze mphamvu ya madzi a m'diso ndi kumuunika retina ngakhale akuona ngati maso ake ali bwinobwino.